Makwerero a Oyendetsa Ndege m'Dera la Migodi la Rustenburg

Dera la Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, limadziwika ndi chuma cha pansi pa nthaka. Kuyambira ku Brits chakum'mawa, kudutsa Marikana ndi Phokeng mpaka kutsinde kwa mapiri a Pilanesberg, kwandandalika migodi imene imatulutsa gawo lalikulu la pulatinamu wa dziko lonse lapansi. Amalawi ambiri akamva dzina la derali amakumbukira abale awo amene adapita ku Joni, kapena magazi amene adakhetsedwa ku Marikana mu 2012. Komatu derali lili ndi mbiri inanso imene sikambidwa kawirikawiri, mbiri ya anthu ogwira ntchito mumlengalenga. Kufupi ndi Sun City kuli bwalo la ndege la Pilanesberg. Makampani awiri amene ndege zawo zinkatera pabwaloli, Sun Air ndi SA Express, onse adagwa. Kugwa kwawo kumaonetsa bwino mmene woyendetsa ndege amakwerera pantchito yake, chimene amalipidwa pokwera, ndiponso chimene chimamuonekera makwerero akathyoka iye ali pakati.

Kakweredwe kake

Palibe amene amayamba ntchitoyi ndi ndege yaikulu. Ku South Africa wophunzira amayenera kuuluka maola 200 kuti alandire chiphaso chomulola kuyendetsa ndege molipidwa, ndipo amafunika maola 1,500 kuti apeze chiphaso chapamwamba chimene kaputeni wa ndege yaikulu amayenera kukhala nacho. Maola oyambawo amalipira yekha, ndipo mtengo wake umafanana ndi wa nyumba. Maola otsalawo amawasonkhanitsa pogwira ntchito za malipiro ochepa: kuphunzitsa anzake ongoyamba kumene, kunyamula alendo okaona nyama ku Okavango kuchokera ku Maun m'dziko la Botswana, kapena kutumiza katundu wa mabungwe achifundo kumadera a nkhondo. Akakwanitsa pamenepo amafunsira ntchito kukampani ya ndege zapakatikati, zoyenda maulendo afupiafupi. Kumeneko amakhala pampando wakumanja ngati wachiwiri, kudikira tsiku lodzasamukira kumpando wakumanzere, wa kaputeni. Maso ake onse amakhala ali kukampani yaikulu, ya ndege zowoloka nyanja, kumene kuli malipiro abwino ndi penshoni.

Pali lamulo limodzi limene limamanga makwerero onsewa. M'makampani ambiri a ndege ukulu umawerengedwa kuyambira tsiku limene munthu adalowa pakampanipo, osati tsiku limene adayamba kuuluka. Wolowa msanga ndiye amayamba kukwezedwa, amayamba kusankha masiku opuma, ndipo ndiye womaliza kuchotsedwa zinthu zikavuta. Kaputeni wa zaka 15 pakampani yaing'ono akasamukira kukampani yaikulu amakayambiranso pansi, pampando wakumanja, kumbuyo kwa mnyamata amene adalowa mwezi wathawu. Choncho kusamuka ndi njuga, ndipo kugwa kwa kampani kumamulanda munthu zaka zake pamodzi ndi malipiro. Pamwamba pa izi, woyendetsa ndege amapimidwa ndi dokotala chaka chilichonse, amayesedwanso luso lake nthawi ndi nthawi, ndipo akafika zaka 65 sangayendetsenso ndege zonyamula anthu pamaulendo a pakati pa mayiko. Mtima ukangoyamba kudumphadumpha, ntchito ikhoza kuthera pomwepo.

Kuti malipiro a pansi pa makwerero ndi nkhani ya moyo ndi imfa, dziko lidaona pa 12 Febuluwale 2009, pamene ndege ya kampani yaing'ono ya Colgan Air idagwa kufupi ndi Buffalo ku America ndi kupha anthu 50. Pakufufuza padapezeka kuti wachiwiri kwa kaputeni, amene malipiro ake sankafika madola 25,000 pachaka, adayenda usiku wonse kuchokera kwawo kufupi ndi Seattle kuti akayambe ntchito ku Newark. Kuyambira 2013 dziko la America lidalamula kuti ngakhale wachiwiri akhale ndi maola 1,500, ndipo lidakhwimitsa malamulo a nthawi yopuma.

Ndege za Wenela

Amalawi adadziwana ndi ndege kudzera m'migodi. Bungwe la Wenela, limene linkalemba anthu okagwira ntchito kumigodi ya golide ya ku South Africa, lidayamba kuwanyamula pandege kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Likulu la ndegezo lidali ku Francistown. Anthu ankakwera ku Chileka, kukatera ku Francistown, kenaka kupitiriza ulendo pasitima yapamtunda. Oyendetsa adali azungu, okwera adali anthu akuda, ambiri a iwo ochokera m'midzi momwe galimoto inkafika mwa apo ndi apo. Dzina la Wenela lidatsalira mpaka lero pamalo okwerera mabasi mumzinda wa Blantyre.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idanyamuka ku Francistown kulunjika ku Blantyre, itanyamula anthu obwerera kwawo atamaliza mgwirizano wawo. Idagwa itangonyamuka kumene. Mwa anthu 84 amene adali m'ndegemo, 78 adafa, ndipo 74 mwa iwo adali Amalawi ochokera kumigodi. Chidachititsa ngoziyo ndi mafuta: m'mafuta a ndegeyo mudasakanikira mafuta a mtundu wa palafini, oyendetsera ndege za jeti. Pulezidenti Hastings Kamuzu Banda adaletsa pomwepo kulemba Amalawi ntchito za kumigodi. Panthawiyo Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo m'zaka ziwiri zokha pafupifupi onse adabwerera. Kulemba kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, koma pachiwerengero chochepa kwambiri, ndipo kudatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza anthu kachirombo ka HIV.

Ngozi imeneyi idasintha migodi yonse ya ku South Africa. Eni migodi adazindikira kuopsa kodalira anthu akunja, makamaka poona kuti Mozambique nayo idalandira ufulu mu 1975. Mothandizidwa ndi kukwera mtengo kwa golide, adakweza malipiro kuti akope anthu a m'dziko momwemo, ndipo ambiri adachokera ku Transkei ndi Ciskei. Ndi kumadera omwewo, ndi ku Lesotho, kumene kudachokera ambiri mwa obowola miyala amene adadzasonkhana paphiri la ku Marikana patapita zaka 38.

Kampani ya ndege ya dziko losadziwika

Pulatinamu adapezeka ku Transvaal mu 1924, pamene katswiri wa miyala Hans Merensky adatsimikiza zimene mlimi Andries Lombaard adatola mumtsinje. Mzere wa mwalawo adaulondola mpaka ku Rustenburg. Kampani ya Rustenburg Platinum Mines idakhazikitsidwa mu 1931, ndipo ya Impala idayamba kukumba mu 1969 pamalo a Abafokeng, malo amene makolo awo adagula ndi ndalama zimene anyamata a Mfumu Mokgatle adakagwirira ntchito kumigodi ya dayamondi ku Kimberley. Chuma chenicheni chidabwera m'zaka za m'ma 1970, pamene malamulo a ku America adakakamiza opanga magalimoto kuikamo chipangizo chochepetsa utsi woipa, chimene chimafuna pulatinamu.

Pa 6 Disembala 1977 boma la tsankho lidapereka ufulu wa dzina lokha ku Bophuthatswana, motsogozedwa ndi Lucas Mangope. Palibe dziko lina, kupatula South Africa ndi timayiko tinzake ta mtundu womwewo, limene lidavomereza ufuluwo. Komabe migodi ina ikuluikulu ya pulatinamu idagwera mkati mwa malire ake, ndipo ndalama zidalipo. Popeza njuga idali yoletsedwa ku South Africa, Sol Kerzner adatsegula Sun City mu Disembala 1979 m'dera la Bophuthatswana, ulendo wa maola awiri pagalimoto kuchokera ku Johannesburg. Alendo olemera ankafuna kufika msanga, motero bwalo la ndege la Pilanesberg lidamangidwa. Bomalo lidakhalanso ndi kampani yakeyake ya ndege, yodziwika ndi dzina loti Bop Air, imene inkalumikiza Mmabatho, Pilanesberg ndi Johannesburg pa ndege zing'onozing'ono za mapulopela.

Kwa woyendetsa ndege wachinyamata, kampani ngati imeneyi idali sitepe yapakati. Pamwamba pa zonse padali South African Airways, yokhazikitsidwa mu 1934, imene lamulo linkaiteteza kuti pasakhale wopikisana nayo pamaulendo akuluakulu a m'dzikomo. Khomo lake lidali lopapatiza, ndipo kwa munthu wakuda lidali lotsekeratu. Woyendetsa ndege wakuda woyamba, Mpho Mamashela, adalowa mu South African Airways mu 1994, patatha zaka 60 kampaniyo itayamba.

Malamulo oteteza aja atachotsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makampani ang'onoang'ono adapeza mpata wokula. Mangope adagwetsedwa mu Malichi 1994, Bophuthatswana idabwerera m'dziko la South Africa, ndipo Bop Air, imene tsopano inkatchedwa Sun Air, idapeza ndege za jeti za mtundu wa DC-9 ndi kuyamba kupikisana ndi South African Airways pakati pa Johannesburg, Cape Town ndi Durban. Apa zidachitika zachilendo. M'malo moti oyendetsa ndege asamukire kukampani yaikulu, kampani yawo yomweyo ndiyo idakula, iwo nakwera nayo osataya ukulu wawo. Okwera ankaiyamikira chifukwa cha chisamaliro chake. Boma lidaigulitsa kwa anthu wamba mu 1997. Koma nkhondo ya mitengo idaifoola, ndipo mu Ogasiti 1999 South African Airways idalengeza kuti ikugula gawo lalikulu la kampaniyo, ndipo kampaniyo idatsekedwa nthawi yomweyo. Makaputeni amene dzulo lake ankalamula ndege za jeti adadzuka ali pamzere wofunsira ntchito. Sun Air sidafe yokha. Flitestar idatseka mu 1994, Nationwide mu 2008, ndipo 1time mu 2012. Nthawi iliyonse zaka za ukulu wa anthu zinkafafanizika ngati mapazi pamchenga.

SA Express ndi bwalo la Pilanesberg

Kampani ya SA Express idayamba mu 1994 kuti izinyamula anthu kuchokera m'mizinda ing'onoing'ono kukawapereka ku ndege zikuluzikulu za South African Airways. Pambuyo pake idakhala ya boma. Kwa zaka zambiri idali sitepe yodziwika pamakwerero: achinyamata ambiri, kuphatikizapo akuda ndi akazi amene adaphunzitsidwa ufulu utabwera, ankasonkhanitsa maola awo kumeneko asadakwere kukampani yaikulu. Ndege zake zinkanyamula chizindikiro chofanana ndi cha South African Airways, kotero kuti wokwera sankaona kusiyana. Kusiyanako kunkaoneka papepala la malipiro ndi pa kuchuluka kwa maulendo patsiku, pakuti woyenda maulendo afupiafupi amanyamuka ndi kutera kambirimbiri, ndipo kunyamuka ndi kutera ndiyo ntchito yotopetsa kwambiri m'ndege.

Mu 2015 boma la chigawo cha North West lidapangana ndi SA Express kuti iziulutsa ndege ku Pilanesberg ndi ku Mahikeng, bomalo n'kumathirapo ndalama. Mgwirizanowo udali wa ndalama pafupifupi R400 miliyoni. Komiti yofufuza za katangale m'boma yotsogozedwa ndi Jaji Raymond Zondo, m'lipoti lake la mu Januwale 2022, idapeza kuti mgwirizanowo sudatsate malamulo ndipo ndalama zina zidalowera kumene sizinkayenera. Mu Meyi 2018 bungwe loyang'anira za ndege lidaimitsa ndege zonse za SA Express kwa kanthawi pa zifukwa za chitetezo. Kumayambiriro kwa 2020 khoti lidaika kampaniyo m'manja mwa oipulumutsa, ndipo mu Epulo chaka chomwecho lidalamula kuti iyambe kuthetsedwa. Ogwira ntchito, oyendetsa ndege ali momwemo, adakhala miyezi osalandira malipiro. Mu Ogasiti 2023 moto udatentha nyumba yofikira alendo pabwalo la Pilanesberg.

Nsonga ya makwerero itagwedezeka

Oyendetsa ndege a South African Airways adali ndi chitetezo chimene anzawo ankachisirira. Mgwirizano wa mu 1988 pakati pa kampaniyo ndi bungwe lawo la SAAPA udalibe tsiku lothera, ndipo unkateteza ukulu, malipiro ndi zina zambiri. Koma mu Disembala 2019 kampaniyo idalephera kubweza ngongole, niikidwa m'manja mwa oipulumutsa. Mliri wa Covid-19 udaimitsa ndege padziko lonse miyezi itatu pambuyo pake. Unduna woyang'anira makampani a boma udanena mu 2020 kuti oyendetsa ndege, amene adali pafupifupi 600, adali magawo 13 pa 100 alionse a ogwira ntchito koma ankatenga magawo 45 a malipiro onse. Dongosolo la oipulumutsa linkafuna kusunga oyendetsa ndege 88 okha.

Apa ndipo lamulo la ukulu lidakumana ndi mbiri ya dzikolo. Kuchotsa anthu moyambira kwa olowa pomaliza kukadatanthauza kuchotsa akuda ndi akazi ambiri, pakuti ambiri a iwo adalowa kuyambira mu 1994. Kunyalanyaza ukulu kukadatanthauza kuphwanya pangano limene anthu adamangirapo moyo wawo wonse. Mbali iliyonse idali ndi mfundo yomveka. Pa 18 Disembala 2020 kampaniyo idatsekera kunja mamembala a SAAPA, iwo adayankha ndi sitalaka mu Epulo 2021, ndipo mkanganowo udatha mu Julayi chaka chomwecho mgwirizano wa 1988 utathetsedwa. Ndege za kampaniyo zidayambanso kuuluka mu Sepitembala 2021, kampani itachepa kwambiri. Mango idaima mu 2021, ndipo Comair, imene idayamba mu 1946, idathetsedwa mu Juni 2022. Oyendetsa ndege ambiri adalowera ku Emirates, Qatar Airways ndi makampani ena akunja olipira ndalama zamphamvu kuposa randi.

Ulendo wa pandege utayambiranso, luso lidasowa, ndipo mphamvu idabwerera kwa otsala. Mu Disembala 2024 oyendetsa ndege a South African Airways adanyanyala ntchito masiku awiri pofuna kuti malipiro akwere ndi magawo 15.7 pa 100, pamene kampani inkapereka 8.46. Mu Julayi 2025 a FlySafair, kudzera m'bungwe la Solidarity, adachita sitalaka pafupifupi milungu iwiri. Dandaulo lawo lalikulu silidali ndalama zokha ayi, koma ndandanda ya ntchito imene inkawalepheretsa kudziwiratu masiku opuma ndi kukhala ndi mabanja awo.

Apansi ndi apamwamba

Kuyerekeza woyendetsa ndege ndi wobowola miyala kungaoneke ngati chipongwe, pakuti malipiro a kaputeni amaposa a wa mumgodi kangapo konse. Komabe mikangano yawo imayamba mofanana. Kumapeto kwa 2011 kampani ya Impala idakweza ndi magawo 18 pa 100 malipiro a akapitawo okhala ndi chiphaso chophulitsira miyala, chifukwa makampani ena ankawakopa. Obowola miyala, amene amagwira chitsulo cholemera m'malo otentha ndi opanikiza, adasiyidwa. Mu Januwale 2012 adanyanyala ntchito, anthu oposa 17,000 adachotsedwa, ndipo ambiri adalembedwanso. Moto umenewo ndiwo udafika kumgodi wa Lonmin ku Marikana, kumene obowola miyala adafuna R12,500 pamwezi. Anthu 10 adafa m'masiku oyambirira, ndipo pa 16 Ogasiti apolisi adawombera ndi kupha 34. Mu 2014 anthu pafupifupi 70,000 a bungwe la AMCU adanyanyala ntchito miyezi isanu pa chiwerengero chomwecho.

M'mbiri zonse ziwiri, wolemba ntchito amalipira bwino munthu amene angathe kuchoka, ndipo amazengereza pa amene alibe kolowera. Woyendetsa ndege ali ndi chiphaso chimene chimadziwika ku Dubai ndi ku Doha, akatopa amalongedza. Wobowola miyala luso lake limathera pachipata cha mgodi, ndiye chida chake chotsala ndi kukhala pansi pamodzi ndi anzake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Onse awiri amagulitsa thupi limene limatha, wina mapapo ndi makutu, wina maso ndi mtima, ndipo onse amadziwa kuti dokotala wa kampani akhoza kuthetsa ntchito yawo m'mawa umodzi.

Phunziro kwa Malawi

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Air Malawi, imene idayamba mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways ndi kuima payokha mu 1967, idasiya kuuluka mu 2013 itamira m'ngongole. Malawian Airlines idayamba mu Januwale 2014, boma lili ndi magawo 51 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Mu Malichi 2017 Kaputeni Yolanda Kaunda ndi wachiwiri wake Lusekelo Mwenifumbo adayendetsa ndege kuchokera ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam, ogwira ntchito onse m'ndegemo ali akazi. Zidzukulu za anthu amene ankakwera kumbuyo kwa ndege za Wenela tsopano zikukhala kutsogolo.

Koma dziko la kampani imodzi yokha ya ndege zochepa lili ndi makwerero aafupi. Mwana wa Mmalawi amene banja lake lagulitsa malo kuti akaphunzire kuyendetsa ndege ku South Africa amabwerako ndi maola 200 ndi ngongole, ndipo mipando yakumanja imene angakhalepo kwawo ndi yowerengeka. Akaupeza mpando, nadzafika maola 1,500, makampani akunja amakhala akumudikira. Mbiri ya Sun Air ndi SA Express ikuonetsa kuti sitepe zapakati ndizo zimayamba kuthyoka, ndipo zikathyoka nsonga imasowa oikwera patapita zaka zochepa. Mu 1974 dziko la Malawi lidatha kuitanitsa ana ake kuchokera kumigodi ndi lamulo limodzi la pulezidenti. Woyendetsa ndege amene wapita ku Doha sangabwezedwe ndi lamulo. Angabwere pokhapokha atapeza kwawo kampani imene akukhulupirira kuti idzakhalapobe iye akadzafika zaka 65.